Ubongo wa agogo ukadali ndi malo a chinenero china

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsa mpata m'nyuzipepala yanu. Masabata apitawa munasindikiza nkhani ya bambo wina pa tsamba la maganizo, yemwe anati munthu akadutsa zaka 30 asadzivute ndi kuphunzira chinenero chatsopano chifukwa ubongo umakhala utatseka kale. Ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinaipinda n'kuiika m'buku langa la Chifalansa, ndipo mpaka lero ndiyo imandikumbutsa tsamba lomwe ndalekezera. Ine ndili ndi zaka 59. Unamwino ndinagwira zaka 33, Chifalansa ndayamba chaka chathachi. Mundilole ndiwayankhe bambowo, poti zomwe analembazo ndinazimvapo kale pakamwa pa munthu wina, ndipo zinangotsala pang'ono kundisiyitsa sukulu.

Amene anandilowetsa m'kalasi pa msinkhu uno ndi mdzukulu wanga. Mwana wanga wamwamuna anakwatira mkazi wolankhula Chifalansa, ndipo kamtsikana kawo ka zaka 4 kakukulira m'chinenero cha amake. Tikaimbirana foni yoonana nkhope, kamalongolola manja ali m'mwamba, ine n'kumangoti “eee, eee” ngati ndikumva. Tsiku lina kanandifunsa funso, kanadikira, kanabwerezanso, kenako kanacheukira kwa amake nkhope itagwa n'kunong'oneza. Apongozi angawo anayamba akana kumasulira, koma nditawakakamiza anati mwanayo akufunsa ngati agogo ndi ogontha. Usiku umenewo tulo tinandithawa.

Ndinalembetsa kalasi yamadzulo. Tinalimo anthu 11, ine wamkulu pa onse, ndipo mphunzitsi wathu anali mnyamata wochepa msinkhu kwa mwana wanga. Sabata yachisanu anatiuza kuti aliyense anene zomwe amachita madzulo. Ndinali nditakonzekera kuyambira kunyumba. Ndinaimirira kuti ndinene “je lis”, kutanthauza kuti ndimawerenga, koma lilime linatulutsa “je ris”, kutanthauza kuti ndimaseka. Ndiye ndinauza kalasi yonse kuti madzulo alionse ndimakhala pampando n'kumaseka buku. Anzanga anafa nazo. Sindiwada, inenso ndikanaseka. Sabata yotsatira anatilembera “dessus” ndi “dessous”, lina pamwamba lina pansi, n'kuwatchula kasanu. Kwa ine anali mawu amodzi. Ndinapempha abwereze, anabwereza, ine kukamwa yasa. Titaweruka anandiitanira pambali n'kunena mwaulemu kwambiri kuti, “Amayi, musadzipweteke, pa msinkhu wanuwu mutu umakhala utauma. Mungoloweza moni ndi zikomo, zikukwanirani.” Akanakhala wamwano ndikanamuyankha. Ulemu wakewo ndi umene unandilasa, moti ndinajomba masabata awiri.

M'masabata awiriwo unamwino unandibwerera m'mutu. Ubongo ndi chiwalo chomwe ndachionapo chikuwonongeka ndiponso chikudzikonza. Ku sukulu ya unamwino tinaphunzira za Paul Broca, dokotala wa ku Paris, amene mu 1861 anakumana ndi wodwala dzina lake Leborgne. Munthuyo ankamva zomwe akuuzidwa, koma pakamwa pake pankangotuluka liwu limodzi lokha, “tan”. Atamwalira, Broca anapeza kuti ubongo wake unali utawonongeka kutsogolo chakumanzere, ndipo malowo mpaka lero amatchedwa ndi dzina la Broca. Mu 1874 Carl Wernicke wa ku Germany anafotokoza za malo ena chakumbuyo, pafupi ndi khutu lamanzere, omwe akawonongeka munthu amalankhula mosadodoma koma zosamveka mutu wake, ndipo iyenso samva tanthauzo la zomwe akuuzidwa. Mu wodi ndinasamalapo bambo wina amene anagwidwa sitiroko. Moyo wake wonse ankagwira ntchito m'Chingerezi, koma atatsitsimuka Chingerezicho chinali zii, kunkangobwera chinenero cha ubwana wake. Tinkamuchezetsa tsiku ndi tsiku posintha zofunda, ndipo patapita miyezi chinayamba kubwerera, liwu limodzi lero, awiri mawa. Anali ndi zaka zoposa 60, ubongo uli ndi bala. Ndinadzifunsa kuti ngati ubongo wovulala unatha kulambula njira zatsopano, wanga wabwinobwinowu waumira pati?

Ndinayamba kuwerenga zomwe ofufuza apeza, ndipo ndivomereze kuti bambo analemba aja pena akunena zoona. Makutu amasankha msanga. Janet Werker ndi Richard Tees ku Canada anasonyeza mu 1984 kuti makanda a miyezi 6 mpaka 8 a m'mabanja olankhula Chingerezi ankasiyanitsa mitundu iwiri ya “t” ya m'Chihindi yomwe makolo awo sankaimva kusiyana kwake, koma pofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri anali atasiya. Khanda limabadwa lokonzeka kumva chinenero chilichonse, kenako ubongo umanola zomwe ukumva tsiku ndi tsiku n'kuleka kulabadira zinazo. N'chifukwa chake ine “l” ndi “r” amandisakanikira. M'Chichewa ndi liwu limodzi, timangolemba “r” likatsatira “i” kapena “e”, monga “kulira” ndi “kulera”. Ndiye taonani, mu “je lis” liwulo likutsatira “e”, ndipo lilime langa linangomvera lamulo lomwe lakhala likumvera zaka 59. Chichewanso chili ndi mavawelo 5 basi, pamene “u” wa mu “dessus” amafuna milomo yozungulira ngati ukuti “u” koma lilime lili kutsogolo ngati ukuti “i”. Khutu langa linalibe kabati yoikamo liwu loterolo, choncho linkangoliponya mu kabati ya “u” wathu.

Chomwe chinanditonthoza n'chakuti vutoli limaluma mbali zonse. Apongozi anga, mtsikana wanzeru wophunzira bwino, samva kusiyana kwa “kola” ndi “khola”. Ndinawauzapo kuti aike chikhatho patsogolo pa pakamwa amve kampweya kotuluka pa “kh”, ndipo anakamva pakhungu pamene khutu linali lisanakamve. Za “khungu” la pathupi ndi “khungu” la maso, lomwe timasiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa mawu, tinangozisiya kaye. Palibe amene anganene kuti iwo ndi ouma mutu.

Palinso kafukufuku wa mu 1997 wa Karl Kim, Joy Hirsch ndi anzawo ku New York, amene anajambula ubongo wa anthu a zinenero ziwiri ndi makina a MRI. Kwa amene anakula nazo zonse kuyambira ali makanda, zinenero ziwirizo zinkagwira ntchito pamalo amodzi m'chigawo cha Broca. Kwa amene anaphunzira chachiwiri atakula, chinali ndi kamalo kakekake pambali pa choyamba. Anthu ena amawerenga zimenezi n'kuti mwaona, wamkulu sangathe. Ine ndimaona nyumba yomwe yalandira mlendo n'kumumangira chipinda. Ndipo chaka chotsatira Daniela Perani ndi anzake ku Milan anapeza kuti munthu akachidziwa bwino chinenero chachiwiri, ubongo wake pomvetsera umachigwira pafupifupi mofanana ndi choyamba, ngakhale anayamba mochedwa. Mlendo uja akakhalitsa amasanduka wa pakhomo.

Tsopano ndifike pa chomwe chinandibwezera m'kalasi. Ubongo umagwira ntchito ndi timphamvu ta magetsi tating'ono kwambiri, tomwe akatswiri amatiyeza pomuveka munthu chipewa chokhala ndi timawaya. Mu 1980 Marta Kutas ndi Steven Hillyard ku San Diego anapeza kuti munthu akawerenga chiganizo chomwe chathera ndi liwu losagwirizana nacho, monga nditati “ndinatseka chitseko ndi mtambo”, magetsiwo amadumpha patangopita mamilisekondi pafupifupi 400, theka la sekondi lisanakwane. Kudumphako anakutcha N400. Kumachitika munthu asanaganize n'komwe kuti apa pali cholakwika. Ndiye mu 2004 Judith McLaughlin, Lee Osterhout ndi Albert Kim a ku University of Washington anaveka zipewazo ophunzira amene ankangoyamba kumene Chifalansa, chomwechi changachi. Ankawaonetsa mawu enieni a Chifalansa osakaniza ndi mawu opeka ongofanana nawo, n'kuwafunsa kuti lenileni ndi liti. Atangophunzira maola 14 okha, mayankho awo anali ongoganizira, chimodzimodzi munthu wongolota. Koma magetsi a mu ubongo ankadumpha mosiyana pa mawu enieni ndi pa mawu opeka. Ubongo unali utayamba kuzindikira, mwini wake asakudziwa.

A Mkonzi, ndime imeneyi ndinaiwerenga katatu nditakhala pa bedi. Tsiku lomwe mphunzitsi anandiitanira pambali ndinali nditaphunzira maola osapitirira 20. Iye anayeza zomwe zinkatuluka pakamwa panga, ndipo inenso ndinkadziyeza ndi muyeso womwewo. Tonse awiri tinalibe chipewa cha mawaya choti tionere zomwe zinkachitika m'katimo. Munthu wofesa mbewu safukula tsiku lachitatu kuti aone ngati yamera, koma ife ophunzira akuluakulu timadzifukula madzulo alionse, ndipo tikapeza kuti palibe tsamba timati nthaka ndi yoipa. Ambiri amasiyira pamenepa. Mwa 11 tinayamba aja tatsala 5, ndipo mwa osiyawo palibe amene anasiya chifukwa cholephera mayeso. Onse ankanena mawu amodzimodzi, akuti sizikulowa.

Kusinthako sikuthera pa magetsi okha, ngakhale mnofu wa ubongo umasintha. Ku Uppsala m'dziko la Sweden kuli sukulu ya asilikali yophunzitsa omasulira, komwe achinyamata ankaphunzira Chiarabu, Chirasha kapena Chidari cha ku Afghanistan kuyambira m'mawa mpaka usiku. Johan Mårtensson ndi anzake a ku Lund University anawajambula ubongo asanayambe ndiponso patatha miyezi 3, n'kufalitsa zomwe anapeza mu 2012. Kachigawo kotchedwa hippocampus, kopindika ngati nyanga m'kati mwenimweni, komwe kamathandiza kusunga zatsopano, kanali katakula, ndipo khungu la ubongo linali litanenepa m'malo ena okhudza chinenero. Ophunzira a pa yunivesite amene ankawerenganso mwakhama koma maphunziro ena sanasinthe motero. Chinandikondweretsa kwambiri n'chakuti amene ankavutikira kuposa anzawo anali ndi malo awoawo kutsogolo kwa ubongo omwe anakula kwambiri. Thukuta la wovutikira nalonso limasiya chizindikiro.

Bambo aja angandiyankhe kuti onsewa anali achinyamata, ndipo n'zoona. Angawonjezenso kafukufuku wa mu 2018 wa Joshua Hartshorne, Joshua Tenenbaum ndi Steven Pinker, amene anayesa galamala ya Chingerezi ya anthu pafupifupi 670,000 pa intaneti n'kupeza kuti liwiro lophunzirira limayamba kutsika pa zaka 17 kapena 18. Sindikutsutsa. Mawondo anganso anatsika liwiro, koma ndimafikabe komwe ndikupita. Ndiwapatse uyu: mu 2016 Thomas Bak ndi anzake a ku Edinburgh anatsatira anthu a zaka 18 mpaka 78 amene anaphunzira chinenero cha Gaelic kwa sabata imodzi pa chilumba cha Skye ku Scotland, ndipo anapeza kuti luso lotchera khutu ndi kusuntha maganizo kuchoka pa chinthu china kupita pa china linakwera pa misinkhu yonse, okalamba omwe. Pano ndichenjezeko anzanga. Pali ena amene amagulitsa maphunziro a zinenero ngati mankhwala oteteza ku matenda oiwalaiwala a ukalamba. Ellen Bialystok ku Toronto anapezadi mu 2007 kuti odwala a zinenero ziwiri ankayamba kuonetsa zizindikiro mochedwa ndi zaka pafupifupi 4, koma ofufuza akukanganabe pa nkhaniyi, ndipo anthu anawafufuzawo anali atalankhula zinenero ziwirizo moyo wawo wonse. Monga namwino sindingalembere munthu Chifalansa ngati mapiritsi.

Chinthu china chomwe palibe anandichenjeza ndi kutopa. Ndagwirapo ntchito ya usiku wonse nditaimirira, koma maola awiri a m'kalasi ankandisiya wolefuka kuposa pamenepo, mutu uli waa. Ndinkayesa kuti ndi umboni woti mphunzitsi uja ananena zoona. Chonsecho ubongo, ngakhale umalemera makilogalamu osakwana 1.5, umadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 a mphamvu zonse za thupi, ndipo wophunzira chinenero amaugwiritsa ntchito ziwiri nthawi imodzi. Chinenero choyamba sichigona pamene ukulankhula chachiwiri. Guillaume Thierry ndi Yan Jing Wu ku Bangor m'dziko la Wales anasonyeza mu 2007 kuti Atchaina owerenga mawu a Chingerezi ubongo wawo unkadzutsanso mawu a Chitchaina mwakachetechete, eni ake osazindikira. Ndiye kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa chipumi, kumakhala ntchito ya wapolisi wa pamsewu, kuimitsa uyu kuti uyo adutse. Kwa ine wapolisiyo ali ndi magalimoto a mbali zitatu. Ndikamafuna liwu la Chifalansa, Chichewa chimakhala phee mwaulemu, koma Chingerezi ndiye chimalowerera osagogoda, ngati kuti ubongo unaika zinenero zonse za kusukulu m'thumba limodzi.

Palinso chodabwitsa chomwe Renata Meuter ndi Alan Allport anapeza mu 1999, chakuti munthu akamasinthasintha zinenero, kubwerera ku chinenero chake champhamvu kumachedwerapo kuposa kupita ku chofooka, chifukwa champhamvucho chimafunika kuchipondereza zolimba. Ndinazionera ndekha. Tsiku lina nditachoka m'kalasi bambo a kunyumba anandifunsa komwe ndaika makiyi. Ndinaima pakhomo ndikuloza tebulo, liwu loti “tebulo” osabwera, kwa kamphindi ndithu. Iwo anandiyang'ana ndi mantha, poti akudziwa ntchito yomwe ndinkagwira ndi nkhani zomwe ndinkabwera nazo. Ndinati, “Bambo, musaope, si sitiroko ayi, ndi Chifalansa chatsekereza njira.”

Nditabwerera m'kalasi ndinasintha zinthu ziwiri zokha. Ndinasiya kuloweza mawu 50 Loweruka lonse, m'malo mwake ndimatenga 8 kapena 10 madzulo ndisanagone n'kuwabwereza m'mawa ndi masiku otsatira. Hermann Ebbinghaus anasonyeza kale mu 1885 kuti zomwe taloweza zimathawa kwambiri m'maola oyambirira, ndipo kubwereza motalikitsa n'komwe kumazigwira. Nicolas Dumay ndi Gareth Gaskell ku York anawonjezera mu 2007 kuti liwu latsopano limalowa m'gulu la mawu omwe munthu amawadziwa kale pokhapokha atagonapo. Amene anaphunzira madzulo n'kugona anali atawalumikiza pofika m'mawa, pamene amene anaphunzira m'mawa n'kukhala maso tsiku lonse anadikira mpaka atagona nawonso. Ndiye tulo ndimatiwerengera ngati gawo la homuweki.

Chachiwiri, ndinaleka kubisala kuseri kwa foni. Ndinali ndi pulogalamu ina yomwe inkandiombera m'manja ndikakhoza, ndipo ndinkaikonda chifukwa sinkandiseka. Koma Patricia Kuhl ku Seattle mu 2003 anatenga makanda a miyezi 9 a m'mabanja a Chingerezi n'kuwakumanitsa ka 12 ndi anthu olankhula Chitchaina cha Mandarin, akusewera nawo pamphasa. Makandawo anaphunzira kusiyanitsa mawu a chinenerocho. Ena anaonetsedwa anthu omwewo pa kanema, ena anangomvetsera mawu, ndipo magulu awiriwa sanatolepo kanthu. Awa anali makanda, ine ndine agogo, komabe ndaona kuti liwu lomwe ndalakwitsa pamaso pa munthu, manyazi n'kundigwira, sindiliiwalanso. “Je lis” ndingalitchule ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku.

Mphunzitsi uja ndidakali naye, ndipo ndi mwana wabwino. Ndinamuuza za ophunzira a maola 14 aja, anamvetsera, n'kuti sankadziwa. Masiku ano akafika pa ine amadikira pang'ono asanapereke funso kwa wina, ndipo masekondi atatu amenewo ndi omwe ndinkasowa. Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi lakuti olemba anu akamanena za ubongo azisiyanitsa kuchedwa ndi kulephera, chifukwa pali amayi ndi abambo amene akawerenga m'nyuzipepala kuti nthawi yawo inatha amakhulupirira, n'kubweza buku pa shelefu. Katchulidwe kanga sikadzafanana ndi ka apongozi anga, izo ndinavomera. “R” wawo wa pakhosi uja ndikamuyesa ndimamveka ngati ndikutsuka kukhosi ndi madzi a mchere.

“Dessus” ndi “dessous” ndinayamba kuwamva mwezi wachisanu ndi chiwiri. Panalibe tsiku lomwe ndinganene kuti ndi lomwe ndinaphunzira. Ndinangoona m'mawa wina, ndikumvetsera wailesi ya Chifalansa ndikusita, kuti mawu awiriwo apatukana okha, ndipo ndinazimitsa simbi n'kukhala pansi. Ndikatopa amagwirananso.

Lamlungu lapitali mdzukulu wanga anandiimbira. Anasendeza nkhope pafupi ndi foni mpaka ndinkangoona diso limodzi ndi mphuno, n'kufunsa, “Mamie, tu as un chat?” Ndinamva kuti akufunsa ngati ndili ndi mphaka, ndipo ndinamva ndisanatembenuzire m'Chichewa kapena m'Chingerezi. Ndinayankha kuti “non”, kenako ndinalimba mtima n'kuwonjezera kuti ndili ndi galu wofiira. Anandiyang'ana kanthawi, n'kundibwerezetsa liwu loti “rouge” kanayi, akugwira pakhosi pake kundisonyeza pomwe liyenera kuchokera. Kachinayi anati zili bwino pang'ono. Amake ali kumbuyo anandiuza kuti limenelo ndi funso lomwe lija anandifunsa chaka chatha.

Ine wanu,
Namwino wopuma pantchito